Makoko a mtedza tikuotchawa angasefe mankhwala otsala m'madzi

Akonzi,

Ndine mphunzitsi wa sayansi wopuma ntchito, ndipo nyumba yanga ili moyandikana ndi malo amene amaswera mtedza ndi makina. Chaka ndi chaka, kukolola kukatha, makoko amaunjikana mpaka kupitirira msinkhu wa munthu. Kenako wina amabwera ndi machesi, ife nkumatsokomola sabata yathunthu, zovala zoyanika kunja zikununkha utsi. Utsi umenewu ndiwo wandilembetsa kalatayi, ngakhale kuti nkhani yanga ndi ya madzi.

Munthu akamwa piritsi, si mankhwala onse amene amathera m'thupi. Gawo lina limatuluka ndi mkodzo, nkupita m'chimbudzi kapena m'suweji, mapeto ake mumtsinje kapena m'madzi a pansi panthaka. Onjezanipo mapiritsi otha ntchito amene timataya kudzala, ndi mankhwala amene timamwetsa nkhuku ndi nkhumba. Mu 2022, akatswiri motsogozedwa ndi University of York anatulutsa zotsatira za kuyeza mitsinje 258 m'maiko 104. Pamalo amodzi mwa malo anayi aliwonse anapeza mankhwala ochuluka kufika poika chiopsezo pa zamoyo za m'madzi kapena pothandiza tizilombo kuzolowera mankhwala. Amene ankapezeka kawirikawiri anali carbamazepine wa khunyu ndi metformin wa shuga, ndipo mitsinje ya m'mizinda ya Lahore, La Paz ndi Addis Ababa ndiyo inali patsogolo pa kuipa. Ku Kenya ndi ku South Africa apezanso ma ARV m'mitsinje. Nanga ife, amene abale athu ochuluka amamwa ma ARV ndi Bactrim tsiku lililonse, tinganene kuti mitsinje ya Mudi ndi Lilongwe ndi yoyera?

Pasapezeke wina wosiya mankhwala chifukwa cha kalata ino. Amene akumwawo akuchita bwino. Vuto lili poti kuwiritsa madzi kapena kuthiramo klorini kumapha tizilombo koma sikuti kumachotsa mankhwala onsewa, ndipo maiwe a suweji amene tili nawo sanamangidwire ntchito imeneyi. Tizilombo tikamasambira m'madzi okhala ndi timankhwala tochepa tosatha kutipha, timazolowera. Tsiku lina mwana akadwala, jakisoni amene ankachiza agogo ake amangokhala ngati madzi.

Chimene chimagwira mankhwalawa ndi makala apadera otchedwa activated carbon, omwewo amene kuchipatala amamwetsa munthu amene wamwa poizoni. Ndikali kuphunzitsa ndinkatenga botolo la madzi, nkudonthezamo inki mpaka madzi abiriwire, kenako nkuthiramo kasupuni ka ufa wakudawo, nkukhutchumula. Tikasefa ndi pepala, madzi ankatuluka mbee. Mwana wina anafunsa kuti, "Aphunzitsi, inki ija yapita kuti?" Inali itakakamira m'timabowo. Makalawa ali ndi timabowo tosaoneka ndi maso tambirimbiri, moti mutati mutambasule mkati mwa galamu imodzi yokha, mupeza malo oposa masikweya mita 500, ndipo abwino amafika 1,000. Magalamu asanu ndi awiri a makala abwinowo ndi bwalo la mpira lathunthu.

Kapangidwe kake nkapawiri. Poyamba amaotcha zinthu monga zikamba kapena makoko mopanda mpweya wokwanira, monga amachitira oumba uvuni wa makala. Kenako amazipsereza ndi nthunzi pa madigiri oposa 800, kapena kuziviika m'mankhwala monga phosphoric acid asanaziotche, kuti timabowo titseguke. Gawo lachiwirili ndilo limasiyanitsa makalawa ndi a pambaula. Amene angasinje makala ogula pamsewu nkumati akusefa mankhwala adzinamiza, komanso atimalizira mitengo yotsalayi.

Sri Lanka, India ndi Philippines amapeza ndalama zakunja pogulitsa makala oterewa opangidwa kuchokera ku zikamba za kokonati. Ife kokonati tilibe wambiri, koma tili ndi zikamba zolimba za makademiya ku Thyolo, mankhusu a mpunga ku Karonga ndi ku Nkhotakota, zitsononkho mudzi uliwonse, zigoba za malambe, ndi makoko andisowetsa mtendere aja. Asayansi m'maiko osiyanasiyana ayesa zinthu ngati zimenezi ndipo zambiri zimagwira, ngakhale mosiyana mphamvu.

Ndisabise zovuta zake. Zoyesa zambiri zimachitikira m'botolo la madzi oyera okhala ndi mankhwala amodzi. Madzi a suweji ali ndi sopo, mafuta ndi zonyansa zina zimene zimalimbirana timabowo tomweto. Mankhwala ena, monga metformin, sakakamira bwino. Ndipo makalawo akakhuta sagwiranso kanthu: ayenera kuotchedwanso pamoto waukulu, apo ayi mwangosamutsa mankhwala kuchoka m'madzi kupita kudzala.

Nchifukwa chake sindikupempha kuti banja lililonse ligule sefa. Tiyambire pamene mankhwala amatuluka ochuluka pamalo amodzi: pa paipi yotulutsa madzi oipa ya chipatala chachikulu, madziwo asanasakanikirane ndi a mzinda wonse. Ophunzira a ku yunivesite ya MUST, MUBAS kapena LUANAR atha kupanga makalawa, kuwaika pa chipatala chimodzi kwa chaka, nkumayeza madzi olowa ndi otuluka, zotsatira zake nkuziika poyera kuti tonse tiziwerenge. A PMRA, bungwe la boma loyang'anira mankhwala, nawonso atiuze momveka bwino, pawailesi, kumene tingabweze mapiritsi otsala. Ine ndili ndi kabotolo ka mapiritsi a malemu mkazi wanga kamene kakhala m'kabati zaka zitatu chifukwa ndikuopa kukaponya m'chimbudzi.

Funso la ndalama lidzabwera, ndikudziwa. Switzerland inayamba mu 2016 kukonzanso malo ake akuluakulu oyeretsera suweji kuti azigwiritsa ntchito makalawa kapena mpweya wa ozone. European Union inagwirizana mu 2024 kuti makampani opanga mankhwala ndi zodzoladzola azilipira 80 peresenti kapena kuposerapo ya ndalama za ntchito yotereyi. Mabungwe amene amatithandiza kugula mankhwala nawonso tiwafunse za kumene mankhwalawo akuthera.

Mulu wa chaka chino sanauyatse. Wophunzira amene akufuna matumba angapo a makoko abwere mvula isanagwe, ndimuperekeza ndekha kwa mwini makina.

Mphunzitsi wopuma,
Mchinji