Makoleji aphunzitsenso kufufuza chimene chalakwika

Akonzi,

Ndikupempha danga m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhule ndi aphunzitsi a za makompyuta m'makoleji athu pa zimene ndinaona kuntchito kwathu mwezi watha.

Tinkaika pulogalamu yatsopano pa maseva atatu oyendetsedwa ndi Kubernetes, imene Google inatulutsa mu 2014 ndipo ntchito yake ndi kugawa makontena (timaphukusi tokhala ndi pulogalamu ndi zonse zimene imafuna kuti iyende) m'maseva. Mnyamata wathu, wakhama ndithu ndiponso wongomaliza kumene maphunziro, anagwiritsa ntchito Helm, chida choikira mapulogalamu pa Kubernetes, molondola, koma ma pod (timagulu ta makontena) anakana kudzuka ndipo pa sikirini panangotuluka mawu akuti ImagePullBackOff, kutanthauza kuti image, fayilo imene kontena imapangidwa kuchokerako, yalephera kutengedwa. Iye anafufuta zonse n'kuikanso, kenako n'kubwerezanso kangapo mpaka dzuwa kupendeka, osadziwa kuti kubwerezako ndi kumene kunkakulitsa vuto.

Titalemba lamulo la kubectl describe pod, limene limaonetsa tsatanetsatane wa pod, n'kutsika mpaka pamene palembedwa Events, tinapeza mawu akuti toomanyrequests, kutanthauza kuti tapempha ma image kambirimbiri mopyola malire. Mu November 2020, Docker Hub, nkhokwe ya pa intaneti kumene timatenga ma image, inaika malire akuti munthu wosalowa ndi akaunti atenge ma image maulendo 100 okha pa maola 6 aliwonse, ndipo amawerengera pa adiresi ya IP, nambala imene makina amadziwika nayo pa intaneti. Ofesi yathu yonse imatulukira pa IP imodzi, choncho anzathu a m'chipinda china anali atadya kale gawo lalikulu, mnyamatayo n'kumalizitsa lotsalalo. Tinalowa ndi akaunti kudzera pa imagePullSecrets, njira youzira Kubernetes akaunti yotengera ma image, ndipo pambuyo pake tinakhazikitsa registry yathuyathu yosungiramo ma image, chinthu chimene chikutipulumutsanso ku mtengo wa intaneti umene tonse tikuudziwa kupweteka kwake.

Vuto lachiwiri silinachedwe. Pod imodzi inkadzuka n'kufanso, zimene zimaoneka ndi dzina lakuti CrashLoopBackOff, ndipo lamulo la kubectl logs --previous, loonetsa zimene kontena inalemba isanafe, linasonyeza kuti uthenga wadukira panjira popanda dandaulo lililonse. Titabwerera ku describe tinaona OOMKilled ndi nambala 137, kutanthauza kuti kontena inaphedwa chifukwa inapyola malire a memory amene anaikidwa. Tinakweza malirewo mu fayilo ya Helm yotchedwa values.yaml ndipo pulogalamu inayamba kuyenda.

Sindikumuimba mlandu mnyamatayu, chifukwa atandiuza mmene anaphunzirira ndinamumvera chisoni. Anaphunzitsidwa kutsatira ndondomeko kuyambira pamwamba mpaka pansi pa makina abwinobwino, ndipo palibe tsiku limene anapatsidwa chinthu chowonongeka kuti afufuze chimene chachitika. Komatu masiku ambiri a munthu wosamalira maseva amathera pa zinthu zimene zakana kuyenda.

Pempho langa kwa aphunzitsi ndi lakuti, pa mayeso a ntchito yamanja, muziwononga dala chinachake, kaya kulakwitsa dzina la image kapena kuchepetsa memory, ndipo wophunzira apatsidwe malikisi akafotokoza pamene anawerenga vutolo ndi chifukwa chimene wasankhira njira yolikonzera. Zimenezi sizifuna maseva odula, popeza minikube kapena k3s, zimene ndi Kubernetes yaing'ono, zimayenda pa laputopu imodzi.

Ine wanu,
Wosamalira maseva,
Lilongwe