Dandaulo pa kesi ya zida zoimbira imene munandipangira

Kwa a Manijala,

Ndalemba kalata chifukwa foni yatopa. Lisiti lanu ndili nalo, ndipo miyezo ya kesiyi ndi ndalama zimene ndinalipira zili m'mabuku mwanu, sindibwerezanso. Chimene mwina simukudziwa, kapena mukuchitira dala kusachidziwa, ndi mmene anyamata anu andiyendetsera miyezi iwiri yathunthu.

Ine ndimaimba kiyibodi kutchalitchi kwathu ku Rosettenville, ndipo Loweruka ndimagwira maukwati ndi zinkhoswe za Amalawi anzathu, sabata ino ku Kempton Park, inayo ku Midrand. Zida zimene ndimalumikiza ku kiyibodiyo, Roland JV-1080 yanga, Motif Rack ndi ka reverb, ndinkazinyamula zokulunga m'mabulangete, n'kumatha ola lathunthu ndikulumikiza mawaya paliponse pamene ndafika. Ndinkangofuna kesi yoti zonse ndimangiremo kamodzi, ndikafika pamalo nditsegule zivindikiro, ndilowetse pulagi, nyimbo iyambe. Masitolo ogulitsa makesi opangapanga alipo ambiri mu Joni muno. Ndinabwera kwa inu chifukwa mkulu wina wa kutchalitchi anati pamenepo pali anthu akwathu, ine n'kuti ndalama idyedwe pachibale. Lero ndikuchita manyazi kumuyang'ana mkuluyo.

Aliyense wopanga rack, kesi yomangiramo zida zotere, amadziwa kuti muyezo wake ndi umodzi kulikonse: mainchesi 19 m'lifupi, U imodzi, muyezo wa msinkhu wa chida, ndi mamilimita 44.45, ndipo mabowo a masikuluwu satalikirana mofanana. Mipata iwiri imakhala ya mamilimita 15.9, wachitatu 12.7, kenako n'kuyambiranso. Zitsulo zobowolabowola pa muyezo umenewu zimagulitsidwa. Anthu anu sanazigule. Anatenga zitsulo wamba n'kubowola okha, mabowo ondondozana ngati akudzala chimanga pamzere. Ndiye sikuluwu ya pamwamba ikalowa, ya pansi ikugunda chitsulo. Roland, yomwe ndi ya 2U, inangolendewera pa masikuluwu awiri m'malo mwa anayi. Ndinakhala pansi pabalaza mpaka pakati pa usiku, tochi ya foni ili pakamwa, ndikutembenuza chida uku ndi uku, ndikudziyesa kuti mbuli ndine.

Chachiwiri ndiye chinandiwonongera katundu. Tsiku loyeza ndinabweretsa zida zonse, mnyamata wanu anayeza yekha ndi tepi yake, ndipo ndinamuuza kawiri kuti kumbuyo asiye malo a mapulagi, chifukwa ma jack, mawaya a MIDI ndi chingwe cha magetsi zimatuluka kunja kwa chida. Anangoti, "Musadandaule madala, ntchito yathu imeneyi." Anayeza thupi la chida lokha. Nditatseka chivindikiro cha kumbuyo koyamba ndinamva kuti khwa! Mapulagi anapindika, ndipo polowetsa jack ya kumanzere pa Roland panathyoka mkati. Ndinazindikirira paukwati, mkwatibwi akulowa, sipikala imodzi ikungotetheka. Chida chimenechi chinatuluka mu 1994 ndipo anasiya kalekale kupanga, si choti ndingalowe m'sitolo mawa n'kugula china.

Kwanuko ndabwerako kanayi. Pobweza kesiyo ndinakwera takisi yochokera ku Rosettenville kukatsika m'tauni, kuyenda wapansi ndi chikesi paphewa mpaka ku Bree, kukweranso ina, ndipo kesiyo inalipiridwa mpando wake ngati munthu. Ulendo woyamba anati magetsi azima, makina sakuyenda. Wachiwiri anati bwana apita kumudzi kumaliro. Pepani ngati zinali zoona. Wachitatu anandiuza pafoni kuti zonse zatheka, ndinapempha tchuthi kuntchito, ndinachita hayala bakkie kuti ndibweretse zida tidzamangire limodzi, ndipo ndinapeza geti lokhoma ndi loko. Ndinaima padzuwa maola awiri, foni ikuitana osayankhidwa, pa WhatsApp timizere tiwiri ta buluu basi.

Koma za ulendo wachinayi ndi zimene ndikufuna muwerenge bwino. Ndinapeza kesi ili pansi pa tebulo, itadzaza utuchi, wina ataikapo kapu ya tiyi. Palibe chimene chinakhudzidwa. Ndinafunsa mwaulemu mnyamata wa pakauntala kuti kodi zitsulo zija zasinthidwa? Sanadzutse n'komwe maso pafoni yake. Anati, "Achimwene, kesi ilibe vuto. Vuto ndi zida zanuzo, n'za kaunjika. Kazitayeni mugule zatsopano." Ndinatulutsa tepi yanga kuti ndimuonetse mabowo. Anaseka, n'kuitana mnzake: "Tabwera udzaone injiniya wa kutchalitchi." Ndiye mmene analowa makasitomala ena awiri, mwana yemwe uja amene takhala tikulankhula naye Chichewa miyezi iwiri anasintha lilime, anayamba kundiyankha m'Chizulu mokweza mawu, kuwauza anthuwo kuti abambo awa safuna kulipira. Ine, amene ndinalipira zonse kesi isanapangidwe! Ndine munthu wamkulu, ndili ndi ana a msinkhu wake. Kunyozedwa mu Joni muno tinazolowera, m'takisi, m'misewu, paliponse. Koma kukanidwa ndi mwana wakwathu pamaso pa alendo, chifukwa chofunsa katundu wanga, sindinaziganizepo. Ngati ndi maphunziro amene mumawapatsa, akhoza bwino ndithu.

Popeza chibale chakanika, tiyeni tilankhule za malamulo. Consumer Protection Act ya 2008, lamulo loteteza ogula kuno ku South Africa, ikunena mu gawo 56 kuti katundu wolakwika angabwezedwe pasanathe miyezi 6, mopanda chilango, ndalama zobwezera zili pa wogulitsa, ndipo wosankha pakati pa kukonzetsa, kusinthitsa kapena kulandira ndalama zake ndi wogula, osati mnyamata wa pakauntala. Mwayi wokonza ndinakupatsani kanayi. Tsopano ndasankha: mundibwezere ndalama zanga zonse. Mulipirenso zokonzetsa Roland. Pepala la mtengo lochokera kwa wokonza ndaliphatika ku kalatayi, pamodzi ndi zithunzi za mabowo, tepi ili pambali pake, kuti injiniya wanu aziwerenge yekha. Ndalama za bakkie zija nazonso ndikuzifuna. Za matakisi ndi tsiku la kuntchito ndakusiyirani.

Ndikukupatsani masiku 14. Akadutsa, nkhaniyi ndikaitula ku mabungwe omva madandaulo a ogula, kwa Consumer Goods and Services Ombud ndi ku National Consumer Commission, ndipo ndiifotokoza monga ndaifotokozera pano m'magulu a WhatsApp a oimba ndi a matchalitchi a Amalawi kuno ku Gauteng. Anzanga awiri amene amafuna makesi ngati omwewa ndawauza kale kuti aime kaye.

Kesi yanu ili pomwe ndinaisiya, pansi pa tebulo paja, sindibweranso kudzaitenga. Mundiyankhe inuyo, molemba. Mnyamata uja asandiimbire.

Ine kasitomala wanu,
Woimba kiyibodi wa ku Rosettenville