Lipoti la nthumwi: kupikisana kapena kuthandizana pa ntchito yogulitsa nyumba

A Wapampando, a komiti ndi mamembala nonse, zikomo pondituma kukakuimirani ku msonkhano wa ochita malonda a nyumba ndi malo. Mitu inalipo yambiri, monga kutsatsa nyumba pa intaneti ndi kasungidwe ka zikalata, koma imeneyo ndidzaifotokoza pakamwa tikakumana. Pano ndalemba za funso limodzi lomwe linautsa mtsutso waukulu: kodi maejenti (ogulitsa nyumba m'malo mwa eni ake) a kampani imodzi azipikisana okhaokha kapena azithandizana?

Chimene ndatolako n'chakuti khalidwe la pa ofesi limachokera pa kagawidwe ka komishoni (ndalama yomwe ejenti amalandira nyumba ikagulidwa), osati pa malangizo a bwana. Ejenti amadya akagulitsa. Tsono ngati ndalama yonse ikupita kwa amene wasainitsa wogula, pamene mnzake amene anaipeza nyumbayo, kuijambula zithunzi ndi kuzungulira nayo anthu milungu yambiri watsala chimanjamanja, tisadabwe anthu akayamba kubisirana manambala a makasitomala. Wogula afika akufuna nyumba ya zipinda zitatu, wa pa desiki yoyandikana ali nayo, koma angoti zii podikira wogula wakewake. Nyumba ikhala miyezi osagulidwa, mwiniwake atopa n'kukaipereka ku kampani ina. Ovutika kwambiri ndi achinyamata ongoyamba kumene. Palibe amafuna kuwaphunzitsa kuona ngati zikalata za puloti ndi zenizeni, poti kuphunzitsa munthu n'kudzipangira wodzakulanda malonda. Ambiri amasiya ntchito asanaidziwe n'komwe, ndipo zimenezi zimandiwawa.

Tinakumbutsidwanso kuti kuthandizana si chinthu chachilendo pa ntchito yathuyi. Ku America, kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ogulitsa nyumba ankasonkhana n'kumauzana nyumba zomwe aliyense ali nazo, napangana kuti wobweretsa wogula azipatsidwa gawo lake. Mpamene panachokera kaundula wa onse wotchedwa Multiple Listing Service. Bungwe lawo, lomwe lero ndi National Association of Realtors, linakhazikitsidwa mu 1908, ndipo malamulo ake a khalidwe, omwe anayamba mu 1913, amauza mamembala kuti azigwirizana ndi anzawo kupatulapo ngati kutero kungapweteke kasitomala.

Mawu omalizawa tiwagwiritse. Mu 2024 bungwe lomwelo linavomera kulipira madola 418 miliyoni pothetsa milandu imene eni nyumba analisumira, yoti malamulo ake ankachititsa kuti komishoni isatsike. Kuyambira mu Ogasiti chaka chomwecho, sikuloledwanso kulemba mu kaundula muja ndalama yomwe ejenti wa wogula adzalandire. Mgwirizano wathu, anzanga, usadzakhale wodyera pamodzi mwini nyumba. Tizigawana ntchito ndi malipiro poyera, iye akudziwa.

Sikuti onse pa msonkhanowo anagwirizana ndi zoti maejenti azithandizana. Eni makampani ena anaima nji kuti popanda mpikisano alesi amangokwera pamsana pa akhama, ndipo ejenti waluso amathawa akaona kuti thukuta lake likudyetsa ena. Nkhawa imeneyi ndi yoona, sindikuipeputsa. Koma ena anapereka chitsanzo cha Microsoft, kampani ya mapulogalamu a makompyuta, yomwe kwa zaka zambiri inkasanja antchito ake kuyambira wopambana mpaka wotsalira, n'kudzasiya mu 2013. Anthu ankaidandaula njirayo kuti imachititsa munthu kuona mnzake wa m'gulu lomwelo ngati mdani. Bolodi la pakhoma losonyeza amene wagulitsa kwambiri mwezi uno limachitanso chimodzimodzi likakhala kuti ndilo muyezo wokhawo.

Panatchulidwanso Keller Williams, kampani yomwe Gary Keller ndi Joe Williams anayambitsa mu mzinda wa Austin ku America mu 1983. Kumeneko gawo la phindu la ofesi limapita kwa maejenti amene anabweretsa anzawo pa kampaniyo, choncho wakale amapindula watsopano akamachita bwino. Ine njirayi ndaikonda mbali imodzi yokha, poti ikhoza kuchititsa anthu kulimbikira kukopa maejenti m'malo mosamala makasitomala.

Pempho langa ku gulu lathu ndi ili. Kampani iliyonse ilembe papepala kuti kasitomala ndi wa ndani kuyambira tsiku lomwe waimba foni, komanso kuti komishoni igawidwa bwanji ngati wopeza nyumba ndi wina, wopeza wogula winanso. Mikangano yambiri imabuka chifukwa anthu amayamba kukambirana zimenezi ndalama zili kale patebulo. Nyumba iliyonse yomwe tapatsidwa izilowa mu kaundula wa ofesi tsiku lomwelo, ndipo wamkulu amene akuyenda ndi wongoyamba kumene azilandira kagawo kodziwika pa malonda oyamba a wophunzirayo. Nkhani ya kaundula wa makampani athu onse pamodzi ndi yaikulu, ikufunika kuti tiyambe tamva maganizo a loya.

Ndikupempha a Mlembi kuti aike mfundozi pa ndondomeko ya msonkhano wathu ukubwerawu, ndipo amene ali kale ndi malamulo olembedwa a kagawidwe ka komishoni adzabwere nawo kuti tidzawaonere limodzi.