Kwa mnzanga wa pa chilumba cha Jeju

Aise,

Kalata yako yafika pamodzi ndi zithunzi zija. Za maluwa achikasuwo tikamba, koma undiyankhe kaye: unkadziwa kuti ukukagona pamwamba pa phiri la moto? Jeju yonse ndi chiphalaphala chimene chinauma pakati pa nyanja, ndipo phiri la Hallasan limene waima patsogolo pake uli mano pamtunda ndiye mwini wake wa motowo. Ukuti linagona kalekale. Wogona amadzuka, aise. Mabuku akale a ku Korea komweko amati moto unatuluka pachilumbapo mu 1002 ndi 1007. Mayi ako atamva zimenezi nsima sanaikhudze. Abusa akuika kale pa mapemphero a Lachitatu, ndipo mlamu wako wayamba kufunsa kuti njinga yako ija idzakhala ya ndani. Ndamuuza kuti adikire tione utsi kaye.

Komanso usamadzitame ndi mamita 1,947 amenewo. N'zoona ndilo lalitali mu South Korea monse, koma Sapitwa ndi 3,002.

Chimene ndawagomera anthu akowo ndi nzeru ya ndalama. Miyala yakuda imene mlimi akanaitukwana, iwo anamangira mipanda ya minda, ina n'kusema tiagogo ta maso otuzuka tija, dol hareubang, alendo n'kumagula. Mapanga amene chiphalaphala chinaboola, ngati Manjanggul, anthu akhala akulipira kuti alowemo, makamaka kuchokera pamene bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa malo ofunika kusamalidwa pa dziko lonse mu 2007. Ndiye nyengo iliyonse anaipezera chifukwa chobweretsera mlendo. Pa 1 January khamu likwera kaphiri ka Seongsan Ilchulbong kukadali mdima kukaona dzuwa likutuluka, April maluwa, November manachesi. Mwini malo ogona alendo kumeneko sadziwa mwezi wa njala.

Koma chikondwerero cha moto cha March chija ndaseka mpaka misozi. Munthu ankakwera ndege kuti akaone tchire likupsa pa kaphiri ka Saebyeol Oreum! Ukuti chinachokera kwa alimi akale amene ankatentha udzu wouma kuti tizilombo tife, msipu wa mahatchi ndi ng'ombe uphuke bwino. Ife tinatenthako tchire tikusaka mbewa, mapeto ake tinakagwada kwa amfumu, bambo ako n'kulipira nkhuku. Nawonso mu 2023 sanauyatse motowo, kuopa kuti ulowa m'nkhalango, ndipo kuchokera pamenepo analeka kutentha kaphiriko. Apo ndiye anaganiza bwino, chifukwa kuyatsa moto pamsana pa phiri logona n'kuliputa dala. Chaka chino usapiteko. Ukapitako uime kumbuyo, pafupi ndi basi.

Agogo aakazi omira m'nyanja aja, haenyeo, unawaona ndi maso ako? Opanda botolo la mpweya, ena zaka zoposa 70, kukatola nkhono pansi pa madzi ozizira chotero. Iwe wosadziwa n'kusambira komwe usayerekeze.

Kuno zilipo. Chemwali abereka mapasa, onse ali bwino. Magetsi akuzima nthawi yeniyeni ya mpira. Chaja unandisiyira ija imagwira ukaipinda n'kuitsamiritsa ku sopo, ndipo mbuzi ya aneba yamaliza mpiru wonse, eni ake akuti si yawo pamene chingwe ndi chawo. Shuga ndisanene.

Madala a pa chigayo aja anatisiya mwezi watha. Pa maliro anthu amandifunsa za iwe, ine kusowa poyambira. Bawo ili pakhonde pompo, yadzaza fumbi, anyamata enawa amasewera mothamanga ngati akuthawa ngongole. Madzulo amatalika, aise.

Ukuti ndibwere ndidzaone maluwa. Ndi ndalama ziti? Ndipo tinene kuti ndabwera, tsiku lomwelo phiri n'kudzuka, pachilumba munthu amathawira kuti? Undilembere momveka, kuchoka pomwe umagona kukafika padoko ndi mtunda wotani, komanso ngati sitima zake zimanyamuka usiku, chifukwa mayi ako akuti ndikufunse.