Za makamera a nyumba ya ku Ngabu

Nchalo, Lachitatu usiku

Mnzanga wokondedwa,

Uthenga wako wafika, pamodzi ndi zithunzi za mabokosi awiri a makamera oika kunyumba ya amayi ako ku Ngabu, omwe wawaona m'sitolo ku Johannesburg konko. Kuno tili bwino, kungoti dzuwa la Okutobala layamba kale kuwotcha. Amayi ako akuyenda bwinoko tsopano, koma nkhani ya mbuzi zitatu zinabedwa zija safuna n'komwe kuimva. Fatsani akuti mapazi analowera chakumtsinje.

Ukufunsa kuti ugule ati, a analogi kapena a IP. Ndikukudziwa iwe, maso ako ali pa nambala ya megapixel (MP), yosonyeza kuthwa kwa chithunzi, yolembedwa pabokosi, monga unkasankhira wailesi poona kukula kwa sipika. Imva kaye.

Kamera ya IP imayenda ndi waya umodzi wa Cat6, womwe umanyamula chithunzi ndi magetsi omwe, ndiye PoE imeneyo, mpaka kubokosi losunga zithunzi lotchedwa NVR. Chithunzi chake n'chakuthwa, sindikana. Koma waya wa netiweki umathera pa mamita 100, ukapitirira pamenepo pafunika switch, kabokosi kolumikiza mawaya a netiweki, pakati, nayonso yofuna magetsi ake. Khola la amayi lili kuseri kwa mtengo wa mlambe uja, ndipo ine ndikuona kuti lapitirira mamita 100. Fatsani ayeze ndi tepi, motsata momwe waya adzadutse, osati mowongoka. Kamera ya analogi imatumiza chithunzi pa waya wa coaxial, RG59, wa mapulagi a BNC, kupita ku DVR, bokosi lake losunga zithunzi, ndipo waya wabwino amafika mamita 300 osavuta. Za masiku ano, zolembedwa AHD, TVI kapena CVI, zimapereka 1080p. Si chimbuuzi chija unkachiona m'masitolo kale.

Chachikulu ndi magetsi. Akuba amadziwa nthawi yomwe a ESCOM azimitsa. DVR yaing'ono ndi makamera a analogi zonse zimadya 12V, choncho zitha kuyenda ndi batire ya sola popanda inveta. Makamera anayi usiku, pafupifupi mawati 5 iliyonse, kuphatikiza DVR ndi diski yake, zonse sizipitirira mawati 40. Batire ya 100Ah, ukamaimwa theka lokha kuti isafe msanga, ikupatsa mawati 40 amenewo kwa maola 15. Uikepo karegyuleta ka 12V pakati, chifukwa batire ikamachajidwa masana imakwera kupitirira 14V. NVR ya PoE imafuna 48V, ndiye inveta iziyaka usiku wonse, nayonso ikudya batire yomweyo. Pa nyumba imeneyo ine ndikuti gula analogi, DVR ya malo asanu ndi atatu ngakhale makamera ali anayi, kuti mawa udzawonjezere.

Chenjera ndi waya wa magetsi wopita kukhola. Tinene kuti ndi mamita 130, waya woonda wa 0.75mm² amataya pafupifupi 3V. Masana kamera imaoneka ngati ili bwino, koma kukada n'kuyaka timagetsi take ta infrared toonera mumdima, imakoka mphamvu yambiri, chithunzi n'kuyamba kuphethira kapena kuzimiratu, nthawi yomwe ikufunikayo. Kumeneko pakhale waya wa 2.5mm². Ndipo onse akhale a kopa weniweni. Wolembedwa CCA ndi aluminiyamu wokutidwa ndi kopa pamwamba. Upale ndi mpeni, ukaona moyera mkati, usiye. Waya yense alowe m'paipi ya PVC, chifukwa makoswe a kudenga kwa amayi ako ndi omwe aja.

Tsopano chomwe chikundisowetsa tulo ndi akangaude. Usaseke. Kuno kuchigwa tizilombo touluka usiku ndi tochuluka, makamaka mvula ikayamba, ndipo timathamangira kuwala kwa kamera. Kangaude amatsatira chakudya chake n'kuluka ukonde pagalasi penipeni. Infrared ikawomba ulusiwo, chithunzi chonse chimangoyera mbee, kaya kamera ndi ya 2MP kaya ya 8MP yodula ija. Mphepo ikaugwedeza, DVR imaona ngati pali munthu, foni yako izilira usiku wonse mpaka udzatseka mauthengawo, ndipo tsiku lomwe wakuba adzabweredi sudzamva kanthu. Usagule ya dome, ija yovindikiridwa ndi chigalasi chozungulira, chifukwa fumbi la ku Ngabu likamata pamenepo kuwala kumabwerera m'diso la kamera. Tenga ya turret, yooneka ngati kampira kopanda chovindikira, yolembedwa IP66 kapena IP67 kuti mvula isalowe. Chabwino koposa, zimitsa infrared ya kamera n'kuika babu ya sola mamita awiri kapena atatu pambali, tizilombo tizipita kumeneko. Ngakhale zili choncho, pafunika munthu wopukuta ndi kansalu komangirira kunsungwi sabata iliyonse. Ndani? Amayi sangakweze mkono chotero. Mlamu wako amabwera kamodzi pamwezi. Ichi uchiganizire usanatulutse ndalama, chifukwa kamera siisamala nkhalamba, imangokuonetsa kuti ali okha.

DVR musaiike m'siling'i. Kunja kukafika madigiri 40, pansi pa malata pamakhala ng'anjo, ndipo choyamba kufa ndi diski. Ikhale m'chipinda chodutsa mphepo, pashelefu yam'mwamba. Sunaiwale pomwe madzi a namondwe wa Freddy anafika mu Marichi 2023 m'midzi yathu ino. Diski ikhale yopangidwira makamera, monga WD Purple kapena Seagate SkyHawk. Kamera ya 1080p yojambula pa 2Mbps imadzaza pafupifupi 21GB patsiku, ndiye anayi pa 1TB ndi masiku 11 okha. Tenga 2TB. Waya wautali wa kukholayo amakokanso mphenzi, uike zotetezera ku mphenzi za BNC mbali zonse ziwiri ndi waya wopita m'nthaka.

Zoti a IP okha ndiwo ungaone pafoni si zoona. DVR nayonso imalumikizidwa ku rauta ya simu ya Airtel kapena TNM, n'kumaona pa Hik-Connect ngati ili ya Hikvision, pa DMSS ngati ili ya Dahua. Uzionera pa substream, chithunzi chopepuka chija, kuti bandulo isathe msanga, ndipo pasiwedi uike wako wekha, asaudziwe wokoka mawaya. Kamera ya pageti isakwere kupitirira mamita atatu, apo ayi uzingoona zipewa.

Maliro a aphunzitsi athu aja anachitika Loweruka, anthu anali ambiri. Ndikufotokozera bwino ulendo wina. Magetsi azima ndipo foni yatsala pang'ono kuthima. Za lenzi, ya 2.8mm imaona malo otakata koma nkhope zimachepa, ndiye kukhola kuja ndimati mwina 6mm, ukailoza pakhomo pomwe mbuzi zimatulukira, kenako