Agogo athu osungidwa m'nyumba za okalamba akhale ndi kokadandaula

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko pa tsamba lanuli m'malo mwa anthu omwe sangathe kukulemberani okha, agogo athu amene akusungidwa m'nyumba za okalamba. Ine ndimagulitsa mpunga wa ku Lifuwu pa Kamuzu Road pano pa Salima, sindine loya ayi, koma nkhaniyi yandilowera m'nyumba nde sindingangokhala duu.

Agogo anga aang'ono, mng'ono wawo wa agogo obereka amayi, ana awo onse atatu anatsogola, anatsala okhaokha m'kanyumba kaudzu kumudzi. Zaka zitatu zapitazo anayamba kuiwalaiwala, kumadzuka usiku kumati akukatunga madzi, mpaka tsiku lina anawapeza mbandakucha atakhala pakhonde pa eni ake chitenje chitagwera kunjira. Mukudziwa kale zomwe anthu amanena akapeza gogo chonchi kum'mawa, amati wagwa pa lichero. Sipanathe sabata mwana wa neba anadwala malungo, basi miyala inayamba kugwa padenga pawo usiku. Ife mitima inapita ku Neno komwe mu 2016 agogo anayi anaphedwa tsiku limodzi powaganizira ufiti mtsikana atamenyedwa ndi mphenzi. Kuchipatala anatiuza kuti ndi matenda a ubongo obwera ndi ukalamba, amawatcha dementia, koma ukawafotokozere ndani kumudzi anthu atagwira kale miyala? Kenako sitiroko inawagwira mbali yakumanzere. Ine ndili pa lendi, chipinda chimodzi ndi balaza, ana anayi, mayi akunyumba nawo tsiku lonse ali kumsika. Titakhala pansi ndi amalume tinagwirizana zokawasiya kunyumba ina yosungira okalamba m'boma loyandikana nafe, dzina sinditchula chifukwa cholinga changa sikuyalutsa munthu.

Ndiyambe ndi kuthokoza, zoona ndithu. Kumeneko agogo amadya katatu, amagona mu neti, palibe wowagenda. Amayi omwe amawasambitsa ambiri ndi ongodzipereka, amachapa zofunda zonyowa ndi manja m'mawa uliwonse, mwezi kutha olo ya sopo osalandira. Anthu amenewa ine ndimawapatsa ulemu.

Koma pali zomwe ndinaona zomwe zimandisowetsa tulo. Ulendo wina ndinapita mu Okutobala, kunja kukutentha mmene kumatenthera kuno kunyanja, ndinawapeza agogo atawamangirira dzanja labwinolo kubedi ndi chitenje, akuti amakwawa kufuna kutuluka ndiye wowayang'anira ndi mmodzi pa anthu onsewo. Nditawatembenuza ndinapeza chilonda kumusi kwa msana, chachikulu ngati chikhatho cha mwana, chonyowa. Namwino wina anadzandiuza pambuyo pake kuti munthu wosatha kudzitembenuza amafunika kumutembenuza pa maola awiri aliwonse usana ndi usiku, apo ayi khungu limafa pomwe fupa likutsamira, thukuta ndi mkodzo nde zimangowonjezera moto. Munthu mmodzi angathe bwanji zimenezo? Agogo tsiku limenelo mutu unali bwinobwino, anandizindikira, amandiitana kuti amuna anga monga amachitira agogo kwa adzukulu awo. Anandigwira malaya nkunena chapansipansi kuti "amuna anga, musakanene, angandibweze kumudzi akandiphe."

Mawu amenewo ndi omwe andilembetsa kalatayi. Munthu amene kwawo anathawako miyala sangadandaule olo atamangidwa, olo ndiwo zitakhala zosalawika, olo atasambitsidwa chitseko chili pululu anthu akudutsa, chifukwa akudziwa kuti alibe kwina kolowera. Nafenso achibale timangoti zikomo zikomo poopa kuti angatiuze kuti katengeni munthu wanu. Ndiye ngati gogo sangalankhule, wachibale sangalankhule, ndani azilankhula?

Pali zina zooneka zazing'ono koma zimachotsa munthu ulemu. Alendo akabwera ndi thumba la ufa ndi mabulangete agogo onse amawatulutsa panja, ena pa wilitcheya ena atawanyamula, aimbe nyimbo, awajambule, madzulo zithunzi zili pa Facebook. Ine agogo anga ndinawaona pa foni ya mnzanga, bere lili pamtunda, palibe anawafunsa kaya iwo kaya ife. Chitupa chawo cha unzika ndi buku lakuchipatala zimakhala mu ofesi, ukapempha kuti uone mankhwala a BP omwe akumwa akuti abwana achokapo ndi makiyi. Ndalama yomwe ndimawasiyira ya thobwa ndi nthochi sindidziwa imalembedwa pati. Mayi wina wachisilamu ogona nawo chipinda chimodzi, wa kuno kwathu kunyanja, ndinamumva akupempha kuti Lachisanu adzibwera munthu wa kumzikiti kudzamuona, anamuyankha kuti pano mapemphero ndi amodzi kwa onse. Ndipo kumudzi munda wa agogo wina analima kale chimanga ngati mwini wake anamwalira, pomwe munthu ali moyo akupuma.

Akonzi, malamulo tili nawo. Malamulo aakulu a dziko lino pa gawo 19 amati ulemu wa munthu suyenera kuphwanyidwa, sanati pokhapokha akhale wamphamvu zake kapena wokhala pakhomo pake. Gawo 13 limalamula boma kulemekeza ndi kuthandiza okalamba. Lamulo la za ufiti la 1911 mpaka lero limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Mu 2016 boma linakhazikitsa ndondomeko ya anthu achikulire, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lenileni la achikulire, a MANEPO, mgwirizano wa mabungwe omenyera ufulu wa okalamba, ndi anzawo atalimenyera nkhondo zaka ndi zaka. Tinasangalala titamva pa wailesi. Koma kuchipinda komwe kugona agogo anga lamulolo silinafike, amayi owasamalira aja nditawafunsa anati sanalimvepo nkomwe.

Chomwe ndikupempha kwambiri ndi ichi, pakhale munthu wakunja wolowa m'nyumbazi mosachenjeza. A ofesi ya chisamaliro cha anthu pa khonsolo pamodzi ndi namwino wa boma azipita, osati pa tsiku lachikondwerero ngati pa 1 Okutobala, tsiku la okalamba padziko lonse, pomwe paliponse pasesedwa agogo avekedwa zitenje zatsopano, koma Lachiwiri wamba m'mawa kapena madzulo kutada. Akafika asamathere mu ofesi kusaina buku la alendo, alowe m'zipinda, avundukule zofunda, aone misana, aone chimbudzi ngati munthu wa ndodo angalowemo, kenako akhale pansi ndi gogo aliyense payekha, mwini nyumba atatuluka, amufunse m'chilankhulo chake. Ndipo zilembedwe poyera kuti gogo kapena wachibale amene wadandaula sangathamangitsidwe chifukwa cha dandaulolo, chifukwa popanda chimenechi zina zonsezi palibe adzatsegule pakamwa. Nambala ya foni ya a chisamaliro cha anthu, ya a Victim Support Unit kupolisi ndi ya bungwe la Malawi Human Rights Commission zimatidwe pakhoma m'Chichewa, zilembo zikuluzikulu. Ndikudziwa maofesala adzati galimoto ilibe mafuta, nchifukwa chake ndikuti makhansala ndi aphungu athu a kuno ku Salima ndi ku Nkhotakota aziike mu bajeti, ndalama ya chitukuko cha m'madera a aphungu ya CDF imamanga milatho ndi midadada ya sukulu, ingalephere kugula mafuta a njinga yamoto ndi matewera a akuluakulu?

Aliyense wofuna kusunga okalamba alembetse ku boma, pakhale chiwerengero chodziwika kuti wosamalira mmodzi asapitirire anthu angati makamaka usiku, aphunzitsidwe za dementia ndi zilonda za pabedi, ndipo alipidwe. Kumanga gogo kubedi kuletsedwe. Chithunzi asajambule popanda chilolezo cha mwini wake. Ndalama ya gogo, kaya ndi ya Mtukula Pakhomo kaya ya mdzukulu, ikhale ndi kabuku kake koti wachibale nkuona.

Wina anena kuti mukapanikiza anthu achifundowa atseka, agogowo apita kuti? Nkhawa imeneyo ndimaimva, nanenso ndili nayo, malo ngati amenewa m'dziko muno ndi owerengeka, ambiri ndi a mipingo ndi anthu ongokhudzidwa monga a Mai Mbambande ku Lilongwe omwe timawamva. Nchifukwa chake boma lisangobwera ndi fomu ndi chidindo, libwerenso ndi thandizo, mankhwala, namwino woyendera olo kawiri pamwezi, ufa. Amene akugwira bwino ntchito kuyenderedwa kudzawayeretsa, anthu adzapereka ndi mtima umodzi podziwa kuti zinthu zikufika kwa eni ake. Wina anenanso kuti kusiya gogo kumalo otere sichikhalidwe chathu. Ine zimenezo ndinazimva pamaliro, pachitsime, paliponse, ndipo zimandiwawa chifukwa ndikanakonda agogo akanakhala pakhonde pawo akusenda chinangwa adzukulu akusewera. Koma omwe amanena zimenezo ena mwa iwo ndi omwe aja anaponya miyala. Mafumu athu, a Kalonga, a Khombedza, a Maganga, a Pemba ndi ena, atithandize pamenepa, nyakwawa iliyonse idziwe kuti munda wa gogo yemwe ali kosungidwa ndi wake mpaka atatsikira kulichete, ndipo wonena gogo kuti ndi mfiti apite kupolisi osati kungolipitsidwa nkhuku.

Musaiwalenso agogo omwe ali gone m'makomo, chaka chachitatu pamphasa, wowasamalira ndi kamtsikana ka sitandade 6 komwe kanasiya sukulu. Amenewa ndi ochuluka kuposa a m'nyumba zija. Alangizi a zaumoyo amayenda kale m'midzi kulemba ana a sikelo, awapatse mphamvu ndi zipangizo azilembanso agogo ogonera, aziona zilonda, aziphunzitsa apabanja katembenuzidwe.

Chilonda cha agogo anga chinatenga miyezi inayi kuti chiume, ndimagula ndekha mabandeji ndi pampasi kutumiza pa minibasi. Dzanja anasiya kuwamanga nditalankhula ndi mwini malowo mwaulemu, anandimvetsa, koma gogo wa bedi lachitatu alibe mdzukulu wobwera kudzalankhula. Mwezi wamawa ndikupitanso, ndipo nyuzipepala ino ndidzaitenga m'thumba kuti ngati a DC kapena a unduna ayankha, ndikawawerengere agogo ndi anzawo a m'chipindamo.

Ine mdzukulu wokhudzidwa,
Kamuzu Road, Salima