Bajeti yanga ya pa sabata ikundidanitsa ndi abale, ndithandizeni

Agogo,

Ndine mayi wa zaka 34, ndili pabanja ndipo tili ndi ana atatu. Timakhala ku Bangwe mumzinda wa Blantyre, m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri. Ine ndimagwira ntchito yogulitsa m'sitolo ina ku Limbe, pomwe bambo a kunyumba ndi mmisiri womanga nyumba. Ntchito yawo ndi yoyendera mwayi: nthawi ya chilimwe amapeza ndithu, koma mvula ikayamba anthu amaleka kumangitsa, ndiye pena mwezi umatha asanagwireko chipande cha matope.

Mwana wathu woyamba, wamkazi, ali mu Sitandade 8 ndipo aphunzitsi ake akuti mutu wake umagwira. Akadzasankhidwa kupita kusekondale, makamaka yogonera konko, padzafunika yunifomu, nsapato, matilesi, bulangete, ndowa, makope ndi ndalama ya chakudya, zonse nthawi imodzi mu Seputembala. Ine sukulu ndinalekera Fomu 2 chifukwa cha kusowa kwa ndalama, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Sindikufuna kuti mwana wanga adzaone zomwezo, komanso sindikufuna kudzathamangira katapila. Ndinaona mnzanga wa pa ntchito atalandidwa firiji ndi mipando chifukwa cha ngongole yomwe poyamba inkaoneka yochepa.

N'chifukwa chake miyezi isanu yapitayo ndinakhala pansi ndi kope n'kugawa malipiro anga. Ndimalandira K200,000 pa mwezi. Lendi imatenga K50,000, mayunitsi a magetsi K10,000, ndipo K30,000 ndimakaponya ku banki mkhonde ya amayi a kumpingo kwathu. K10,000 ndimaibisa padera kuti ikhale ya matenda. Yotsalayo, K100,000, ndimaigawa m'maenvelopu anayi, iliyonse K25,000, ndipo ndinalumbira kuti envelopu ya sabata ya mawa sindidzaitsegula lisanafike Lolemba lake. M'menemo ndi momwe mumachokera ndiwo, mafuta ophikira, sopo, mchere, shuga, madzi a pa kiyosiki ndi thiransipoti yanga. Chimanga, chigayo ndi makala tinagwirizana kuti ndi mbali ya bambo.

Agogo, kumbali yanga ndayesetsa. Chipisi cha pachiwaya chomwe ndinkadya masana ndinasiya, ndimanyamula mbatata kapena nsima yotsala m'kontena. M'mawa ndimalawirira n'kutsetsereka wapansi mpaka ku Limbe, minibasi ndimakwera pobwerera pokha chifukwa kumakhala kutada. Kumsika ndimapita madzulo pomwe ogulitsa tomato ndi masamba ayamba kutsitsa mitengo. Nyama timaiona kamodzi pa mwezi, masiku enawo ndi bonya, soya, nyemba ndi mpiru. Kukaunjika ndimangodutsa osayang'anako. Ana poyamba ankadandaula kuti tiyi wachepa shuga, koma ndinawafotokozera cholinga chake ndipo wamkuluyo ndi amene tsopano amalemba m'kope zomwe tagula tsiku limenelo. Zimenezi zimandilimbitsa mtima kwambiri.

Pali zovuta zina zomwe ndazizindikira ndili kale m'kati. Maenvelopu anayi amakwana masiku 28 okha, pomwe miyezi yambiri ili ndi masiku 30 kapena 31, ndiye masiku otsalawo ndimapezeka ndikukatenga zinthu pa ngongole pa okala ya pafupi. Chinanso, ndalama ya pa sabata imandikakamiza kugula zinthu za tizibanduzibandu: mafuta a m'tichubu, kashuga koyeza pa supuni, sopo wodula pakati. Ndikawerengetsa pakutha pa mwezi ndimapeza kuti ndalipira zambiri kuposa ndikanagula botolo lathunthu ndi paketi yonse. Ndiye pali mitengo. Chichokereni mu Novembala 2023 pomwe kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, zinthu sizinakhazikikenso. K5,000 yomwe itangotuluka mu 2022 tinkaiona ngati ndalama yaikulu, lero ukaiswa m'mawa, pofika madzulo yatha. K25,000 ya mwezi uno sigula zomwe inkagula pomwe ndinkayamba.

Koma zonsezi ndikanapirira. Chomwe chandilembetsa kalatayi ndi nkhani ya abale.

Kwathu ndi ku Thyolo, ndipo mwa ana asanu ndi mmodzi a mayi anga, ine ndekha ndi amene ndili pa ntchito yolandira pakutha pa mwezi. Kwa anthu akumudzi, aliyense wokhala m'tauni ndalama ali nazo. Foni ikalira kuchokera kumudzi mtima umagunda. Mayi akadwala sindiwerengera, ndimatumiza pa Airtel Money nthawi yomweyo, ngakhale zitatanthauza kutsegula envelopu ya sabata ya mawa. Amenewo ndi mayi anga, anandilera movutika bambo atamwalira. Koma pali mlongo wanga wamng'ono amene amaimba pafupifupi sabata iliyonse: lero akufuna ya mayunitsi, mawa ya feteleza, mkuja akuti njinga yawonongeka. Mwezi watha ndinalimba mtima n'kumuuza kuti ndilibe, ndalama yomwe ilipo ndi ya sukulu ya mwana. Anadula foni. Patapita masiku awiri azakhali anandiimbira n'kunena kuti tauni yandisintha, ndayamba kuumira, ndaiwala kuti kupatsa n'kuika. Anandikumbutsa kuti tsiku lomwe ndidzagwe m'mavuto, ndalama za m'bokosi la banki mkhonde sizidzandilira maliro. Usiku umenewo sindinagone, ndinalira.

Ndipo mawu awo sindikuwatsutsa onse. Pomwe ndinabereka mwana wachiwiri movutikira, anali azakhali omwewa amene anasiya munda wawo n'kudzandidikirira kuchipatala milungu iwiri. Chimanga chomwe timadya miyezi ina chimachokera kumudzi komweko. Ndingawauze bwanji anthu otere kuti pa kope langa palibe mzere wawo?

Kuno kutauni nakonso zilipo. M'mwezi umodzi wokha munagwa maliro awiri m'dera lathu, ndipo mwambo wake mukuudziwa: pamadutsa mbale ya ufa ndi kope la chopepesa, ndipo dzina lako likasowa anthu amaona. Maliro n'kulirana, pamenepo sindidandaula. Koma mwezi womwewo kunali chinkhoswe cha mwana wa mnzanga wa kumpingo, kenako ukwati wake, ndipo amayi tinauzidwa kuti tigule nsalu yofanana, kuwonjezera pa ndalama ya perekaniperekani. Nsaluyo sindinagule, ndinapita ndi chitenje changa chakale. Mnzangayo mpaka lero amandipatsa moni wa pakamwa pokha.

Bambo a kunyumba nawonso sitikumvana bwino. Si munthu woipa, samwa mowa, ndipo akapeza ndalama amabwera nayo kunyumba. Vuto ndi lakuti akalandira ya ntchito yaikulu amafuna tisangalale tsiku lomwelo. Amabwera ndi nkhuku, mpunga ndi zakumwa za ana, kwinaku atatumizako ina kwawo ku Mulanje osandiuza. Pakatha masiku anayi ndalama yatha, makala atha, ufa watsala wa tsiku limodzi, ndiye amati, "Amayi a mwana, tatsegulani kaye envelopu inayo, ndibweza ndikalandira." Kubwezako sikuchitika. Ndikakana amakhumudwa, amati ndikuwatenga ngati mwana wopempha ndalama kwa mayi ake, pomwe iwo ndi mutu wa banja. Ndinawapempha kuti nthawi yokolola, chimanga chikatsika mtengo, tigule matumba angapo a makilogalamu 50 n'kuthira mankhwala kuti Januwale ndi Febuluwale asadzatipeze tikugula ufa wa m'timapepala. Anavomera ndi pakamwa, koma ndalama itabwera inapita kwina.

Pa miyezi isanuyi ndinayenera kukhala nditasunga K150,000 ku banki mkhonde. Ndaponyako K90,000 yokha, ndipo pa yomweyo ndabwerekako kale K40,000 yomwe ndikubweza ndi chiwongoladzanja. Ya matenda ija sinakhalepo m'nyumba kupitirira milungu iwiri.

Ndiye Agogo, ndithandizeni nzeru. Kodi ndiike envelopu yachisanu ya abale ndi zochitika za m'dera, kuti ikatha ndizinena moona mtima kuti yatha? Nanga ndalama yake ndiichotse pati, poti pa ndiwo palibenso pochotsa? Mlongo wanga ndimuyankhe motani kuti amvetse kuti sindikumutaya, komanso kuti asamandione ngati nkhokwe yake? Ndalingalirapo zomupatsa kampamba kamodzi kokha kuti ayambe geni, koma ndikuopa kuti akadya mpambawo chibale chidzatheratu. Azakhali ndiwapepese, kapena ndipite kumudzi ndi kope langa akaone okha momwe ndalama imayendera? Ndipo bambo a kunyumba ndiwayankhule bwanji kuti bajetiyi aione ngati yathu tonse, osati lamulo lomwe mkazi wawaikira? Ndaganizapo zodziwitsa ankhoswe, koma ndikuona ngati bambowo angachite manyazi kuti nkhani ya ndalama za m'nyumba yatuluka kunja.

Seputembala akuyandikira ndipo mwana akuwerenga usiku uliwonse. Ndidikira yankho lanu.

Ine wanu,
Mayi wodandaula,
Bangwe, Blantyre